Mchombo wa Yankho

Amayi anga, kodi kumene muliko kukucha bwanji?

Ndine Esinati, mwana wanu wotsiriza. Mundikhululukire kalembedwe. Mukudziwa nokha kuti sukulu ndidalekera Sitandade 4 ku Guilleme, chaka chija mudadwala mwendo, ndipo cholembera sichidandizolowere mpaka lero. Zilembo zina zikukwera phiri, zina zikutsetsereka, chifukwa ndikulemba mwana ali pamwendo. Pamene ndaphonya mungodumphapo. Inu munkandimva ngakhale ndisanatsegule pakamwa.

Tili moyo kuno ku Dublin. Bambo a Takondwa akugwirabe ntchito yomwe ija, m'nyumba yosungiramo okalamba. Amachoka kuli mdima, n'kubweranso kuli mdima. Sikuti amachedwa ayi, koma miyezi ino dzuwa la kuno ndi laulesi. Limatuluka anthu atamwa kale tiyi, n'kumayenda m'munsimunsi ngati mkamwini wozemba apongozi, ndipo ana akamaweruka ku sukulu limakhala likulowa. Mvula ndi ya tsiku ndi tsiku, koma yopanda bingu, yopanda fungo la dothi. Imangonyowetsa basi. Zovala timayanika m'nyumba, pa chitsulo chotenthetsa chipinda, mpaka mawindo amachita kuyenderera madzi ngati akulira.

Timakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni. Bwalo palibe, khonde palibe. Mwezi umatha phazi langa lisanaponde dothi. Pansi pathu pali mayi wina wachikulire amene amakhala yekha. Tsiku lina ndidalakalaka ndiwo zotendera, ndiye ndidayamba kusinja mtedza m'mbale ndi botolo, poti mtondo ndilibe. Posakhalitsa ndidamva kugogoda pansi pa mapazi anga. Mayi uja ankamenya denga lake ndi ndodo ya tsache. Ndidakumbukira mawu anu akuti kwa eni kulibe mkuwe, ndidasiya, ndiwo tidadya zopanda nsinjiro. Kuyambira pamenepo ndimayenda chonyang'ama m'nyumba yanga yomwe. Tikakumana pa masitepe mayiyo amamwetulira bwinobwino, koma dzina lake sindikulidziwa, nayenso langa sakulidziwa.

Takondwa wakula, mano awiri akutsogolo aguluka. Chichewa akumva, koma amayankha m'Chizungu, mofulumira ngati wailesi, ine n'kumangoti eya. Tsiku lina ndidamutuma chipande, adabwera ndi chipeso. Tidaseka tonse awiri. Kenako ndidalowa ku bafa, ndidatsegula mpopi kuti asandimve.

Amayi, maliro anu ndidawaonera pa foni. Ndinene zimenezi chifukwa sindidamuuzepo munthu bwinobwino. Mimba idali itakula, ndipo kuchipatala adati sindingakwere ndege. Achimwene a Lenadi adagwira foni m'mwamba kuti ndizionako. Ndidaona amayi a kwaya, ndidaona nyumba yanu, nkhokwe, ndi chimanga chimene mudali musanamalize kukolola. Ndidatsata nawo njira yonse ya kumanda ndili pa mpando wa kukhitchini, nditafunda jekete. Koma mukudziwa mmene mafoni amachitira kwathu ku Kachebere, kuti ukasendera chakumadzulo pang'ono netiweki ya Malawi imakutaya, ya Zambia n'kuyamba kukukoka. Adzukulu atayamba kutsitsa bokosi, chithunzi chidangoima. Bokosi lili pa zingwe, theka m'dzenje, theka kunja, mkono wa mdzukulu wina uli m'mwamba. Ndidagwedeza foni, ndidaimbanso, osalowa. Pamene idalowa, anthu adali atabwerera kale kumudzi, akusamba m'manja.

Ndiye kwa ine simudafike pansi. Ndikatsinzina ndimakuonani muli pomwepo, pa zingwe. Bambo a Takondwa amati, "Mayi a Takondwa, anthu adaika maliro bwinobwino, mtanda adazika, musamadzizunze." Ndimavomera. Koma maso anga sadaone.

Mwana adabadwa mwezi wotsatira. Ndi wamkazi, tidamutcha Yankho. Mphumi ndi yanu, ndipo akakwiya amakwinya mphuno ngati mmene munkachitira mchere ukachuluka m'ndiwo. Chikuta kuno kulibe. Nditatuluka m'chipatala palibe adabwera ndi ufa kapena nkhuni, palibe ntchembere yondiuza kuti gona, ndikuphikira. Kudangobwera namwino, mayi waulemu ndithu, kudzamuyeza mwana pa sikelo. Mchombo kuno samanga ndi ulusi, amaupana ndi kapulasitiki konga kopanira zovala pa chingwe. Ndidaulondera monga mudandiphunzitsira pa Takondwa, thewera ndikulipindira m'munsi kuti pogwa usagwere pakati pa miyendo. Udagwera m'dzanja langa m'mawa wina ndikumusambitsa. Kanthu kakang'ono, kouma, kakuda ngati mfutso.

Namwino atabweranso ndidamuonetsa, n'kumufunsa ndi manja ndi Chizungu changa chothyokathyoka kuti kuno amaika kuti. Adamwetulira, n'kuloza bini ya zinyalala pafupi ndi sinki. Sankandinyoza, Amayi, kwawo amachita choncho. Ndidadikira kuti atuluke. Ndidang'amba kansalu pa chitenje chija mudandipatsa pa depoti ya Mchinji Boma tsiku lonyamuka, ndidaukulunga, n'kuuika m'kabokosi ka machesi.

Mukukumbukira zimene mudandiuza pa foni, mutayamba kale kutsokomola? Mudati, "Iwe Esinati, mwana akabadwa mchombo usataye kwa azunguko. Utumize. Ndidzaukwirira ndekha pakhonde, pambali pa wa mkulu wake." Ine ndidaseka, ndati Amayi, mchombo ukwere ndege? Inu mudati, "Seka. Mbuzi imayenda mpaka pothera chingwe, koma dzuwa likapendeka imadziwa pali chikhomo. Mchombo ndi chikhomo cha munthu."

Sindikadayenera kuseka, poti nkhani ya achimwene a Pitala, mwana wanu woyamba, ndikuidziwa. Ife tonse michombo yathu mudaikwirira pansi pa khonde lanu, kudzanja lamanja la chitseko: wa a Lenadi, wanga, ndi wa Takondwa. Wa a Pitala wokha ndi umene udatsala ku esiteti ya fodya ku Zambia, kumene mudawaberekera inu ndi abambo muli pa ntchito. Ndipo ndi iwo okha amene adakwera thiraki ya pa boda ngati wothandiza dalaivala, osabweranso. Ena ankati awaona ku Chipata, ena ku Lusaka, ena ku Joni. Simudawatukwanepo. Munkangoti, "Pitala sadalakwe. Akufunafuna pomwe ndidamusiya, koma malowo sakuwadziwa." Ngakhale pa maliro anu sadabwere. Sindikudziwa ngati adamva n'komwe.

Ndikamuyang'ana Yankho akuyamwa, ndimaganiza za a Pitala, mkaka n'kuchita ngati ukubwerera.

Kutumiza ndidayesa. Kutchalitchi kumene timapemphera kuno kuli mayi wina wa ku Kasungu amene ankapita kumudzi pa Khirisimasi. Aliyense adamusenzetsa katundu, wina nsapato, wina mafoni akale, wina mankhwala a nyamakazi. Ine ndidadikira kuti anthu achepe, ndidamukokera pambali, n'kutulutsa kabokosi. Atatsegula adalumpha ngati waona chinkhanira.

"Aaa, mayi a Takondwa! Mukufuna ndikagone m'chitokosi? Pa bwalo la ndege agalu aja akanunkhiza, apolisi n'kundifunsa, ndikati chiyani? Ndanyamula nyama ya munthu?"

Ndidati, "Ndi kakang'ono, amayi. Mungoika m'thumba la jekete."

"Kakang'ono komweko! Azungu akati ndapha mwana, akwathu akati ndine mfiti. Ndipatseni nsapato, ndinyamula ngakhale za mudzi wonse."

Sindidamukwiyire. Nanenso ndikadakhala iye mwina ndikadakana.

Ndiye ndidati ndiwaimbire a Lenadi, kuti asunge malo pakhonde mpaka ndidzapeze njira ina. Adayamba ndi nkhani zabwino, ndipo ndikupatsireni, poti ndi zanu. Chimanga chanu adamaliza kukolola, nkhokwe idadzaza mpaka m'khosi. Mbuzi yanu ya mawanga idaswa ana awiri, onse aakazi. Alamu anga ali ndi pakati. Mvula idayamba bwino ndipo sidadukize. Ine ndidati, nanga khonde la amayi, madzi sakukokolola?

"Mlongo wanga, nyumba ija tidagwetsa."

"Mudagwetsa?"

"Titameta. Akuluakulu adati nyumba ya malemu siikhala chiimire, mwini wake angamabwererebwerere. Sitidafune kukuuza uli ndi khanda."

"Nanga pamalopo pali chiyani?"

"Ndidapanga mizere, ndadzala mtedza. Dothi la pabwinja ndi lachonde, ukadaona mmene wabiriwirira."

Adanditumizira chithunzi. Amayi, ndidachikulitsa ndi zala mpaka chidasanduka madontho okhaokha. Mtedza kuchokera uku mpaka uko. Ndidazindikira mtengo wa papaya ndi mwala umene munkanolerapo mpeni, basi. Ndidawafunsa kuti khonde lidali pati. Adati, "Chapakatikati pamenepo. Pafupi ndi mwalawo, kapena kupitirira pang'ono." Munthu wobadwira m'nyumba imeneyo!

Sindikuwada. Mwambo ndi mwambo, ndipo ali ndi ana odyetsa. Koma mawu aja akuti mungamabwererebwerere sanandichoke m'khutu. Ngati adagwetsa kuti musapeze pofikira, ndiye mukufikira kuti?

Kuyambira tsiku limenelo, ndikakhala ndekha ndi mwana masana, chitsulo chotenthetsa chija chimagogoda ngati mmene munkagogodera khasu pa mwala pochotsa dothi. Bambo a Takondwa amati ndi mpweya m'mapaipi. M'basi ndaonapo msana wanu, ndi mpango wanu wabuluu uja, mutakhala chopendekera mbali ya mwendo wodwala. Ndidadutsa kutsogolo ngati ndikutsika, n'kupeza kuti ndi mayi wina wa ku Nigeria akuyankhula pa foni. Ndidatsikadi pamalo olakwika, ndidayenda pansi mvula ikundinyowetsa.

Takondwa adakapeza kabokosi m'chikwama changa akufuna chingamu. Ndidamukhazika pansi, ndidamufotokozera zonse pang'onopang'ono. Adamvetsera, n'kufunsa m'Chichewa chake chopindika, "Wanga ali kuti?" Ndidati uli kwa agogo, pansi pa mtedza. Adaseka mpaka kugwa pa mpando, n'kuthamangira kukauza bambo ake kuti iye kwawo ndi ku mtedza. Nditamufunsa kuti nanga kwanu kwenikweni ndi kuti, adaloza pamene adaima, pa kapeti. Ameneyu ndi amene chikhomo chake mudakhoma ndi manja anu, Amayi. Nanga wopanda chikhomo adzaloza kuti?

Bambo a Takondwa si munthu wouma mtima. Ataona kuti sindikudya, Loweruka lina adabwera ndi mphika wa maluwa ndi thumba la dothi. Kuno dothi amagulitsa m'sitolo, m'matumba ngati a shuga, lakuda, lopepuka, lopanda nyerere ndi imodzi yomwe. Adati, "Kwirirani umu, tidzalemo duwa, tiike pawindo. Tikadzasamuka tidzanyamula."

Ndidati, "Ndiye mwana kwawo kukhale mumphika? Chikhomo choti n'kunyamula m'manja chingamange mbuzi yanji?"

Adakhala pansi, adavula nsapato, n'kunena chinthu chimene ndikuganiza kuti adachisunga nthawi yaitali. Adati, "Mayi a Takondwa, tinene zoona. Tibwerera kukatani? Nyumba kulibe, amayi kulibe. Ana awa sukulu yawo ili kuno, chipatala chili kuno. Ine ndikufuna tikhazikike. Ngati mchombo umamangadi munthu, mumumangire kuno, mwanayu asadzazunzike mtima ngati mmene mukuzunzikira inumu."

Chidandiopsa n'chakuti mawu awo adali anzeru.

Ndiye Lachiwiri lapitali ndidapita kukakwirira mchombo uja. Kuseri kwa sukulu ya Takondwa kuli paki, malo a udzu ndi mitengo ikuluikulu kumene anthu amayendetsa agalu. Ndidati kumeneko kuli dothi lenileni, loti silinyamulidwa. Ndidabereka Yankho ndi chitenje, jekete pamwamba, supuni yaikulu m'thumba poti khasu ndilibe. Udali usana koma kunja kuli mbuu. Ndidasankha mtengo wina waukulu wopanda tsamba ndi limodzi lomwe, ndidagwada kuseri kwake, n'kuyamba kukumba. Dothi lidali lozizira ngati lochokera mufiriji, lomata, mizu paliponse. Supuni idapindika. Ndidapitiriza ndi zala. Ndinkakumbukira kuti munkati dzenje lifike m'chigongono kuti galu kapena munthu woipa asafukule, koma ine ndidangofika polekeza chikhatho.

Nditatulutsa kabokosi, Yankho adasiya kuyamwa chala, adatembenuza mutu, n'kuyamba kuseka. Sankaseka ine, poti adali kumsana. Ankaseka munthu wa kumbuyo kwathu, kuseka kuja amaseka mwana munthu wamkulu akamamugwedezera mutu. Ndipo ndidamva fungo, Amayi. Utsi wa zitsononkho ndi mafuta aja munkadzola m'mapazi. Kuno kulibe wosonkha moto. Ndidadziwa kuti mwaima pamenepo, pafupi moti ndikadatambasula mkono ndikadagwira chitenje chanu. Ndidadikira kuti munene kanthu, kaya "Iwe Esinati, ukutani?" kaya "Kumba ndithu, mwanangu." Simudanene. Nane ndidalephera kucheuka. Ndidaopa kukupezani, ndidaopanso kusakupezani.

Kenako kudabwera galu wa bambo wina, galu wovala kajuzi, n'kulowetsa mphuno m'kadzenje kanga. Mwini wake adamukoka akupepesa, maso ali pa manja anga amatope ndi supuni yopindika. Adandifunsa ngati ndili bwino. Ndidati eya. Pamene ndinkacheuka, kumbuyo kudali udzu wokha ndi benchi yonyowa. Ndidakwirira dzenje lopanda kanthu, ndidapondaponda, n'kupita kukatenga Takondwa ku sukulu, kabokosi kali m'kamisolo.

Bambo a Takondwa ataona matope m'maondo adafunsa, "Mwakwirira?" Ndidati ayi. "Chavuta n'chiyani?" Ndidati dothi lalimba.

N'chifukwa chake ndatenga cholembera. Mudabwera kudzandiletsa, kapena mudabwera kudzandiseweretsera mwana kuti ndikumbe bwino? Kapena mudangobwera poti kumudzi adakugwetserani pofikira, ndiye mwalondola chitenje chanu mpaka kuno? Ngati ndi choncho musamaime panja, kukuzizira, ndipo chifuwa chanu mukuchidziwa. Kwerani masitepe, chitseko chathu ndi chomaliza. Koma mundiuze chochita, ngakhale kutulo, chifukwa ndekha zandikanika.

Ndidaganizapo zoti mchombowu ndidzauike pa manda anu, pambali panu, popeza mudalonjeza kuti mudzausunga ndinu. Koma mwana kwawo kungakhale kumanda? Ndidadzimenya pakamwa ngakhale sindidatchule mokweza.

Dzulo ndawatumizira mawu a Lenadi kuti akadzakumba mtedza asiye malo okwana mphasa imodzi pafupi ndi mwala uja, asadzalimepo, ngakhale sitikudziwa ngati khonde lidalidi pamenepo. Foni ikuonetsa kuti amva. Sanayankhe. Bambo a Takondwa mphika wawo sadabweze ku sitolo. Uli pawindo, dothi lili momwemo, ndipo m'mawa asananyamuke amauyang'ana, n'kundiyang'ana ine. Za ulendo wa kumudzi sitikukambirana.

Yankho wayamba kukhala yekha, posachedwa ayamba kukwawa. Mchombo wake sunakwiriridwe, ndipo sindikudziwa dothi lake ndi liti. Chimene ndingalonjeze ndi ichi: sindidzautaya, ndipo sindidzaukwirira pamalo amene sindingathe kudzamulozera ndi chala akadzandifunsa. Kufikira nthawi imeneyo ndiziyenda nawo pachifuwa.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale mukundiopsa.

Ndine mwana wanu,
Esinati